ISAAC CHILEMBA: MUSANASEKE KUTI AMALUZA, FUNSANI KAYE ANALUZA KWA NDANI

Abale anzanga a kuno ku Chintheche, a ku Bandawe, Kande, Tukombo, ndi inu muli ku Joni amene mumawerenga izi pa nthawi yopuma, ndabweranso. Ya lero ndi yaitali, koma musaope, mulibe vidiyo, bandulo yanu siipwetekedwa. Khalani pansi muwerenge bwinobwino.

Nkhaniyi inayamba Loweruka lapitali. Mwera unavuta, maboti sanalowe, ndiye anyamata anadzaza pansi pa mtengo pomwe ndimakonzera mainjini paja. Ine ndinali nditamasula kabyuleta ya injini ya mdala wina, manja ali bii ndi oyilo. Chapafupi ana awiri amagwetsana pamchenga ngati mmene tonse tinkachitira tili ang'ono, wina kukola mwendo, wina kugwira m'chiuno. Basi macheza anatembenukira pomwepo: kodi Mmalawi amene anafika patali kwambiri pa masewero omenyana ndi ndani? Wina anatchula Isaac Chilemba. Mnyamata wina, siginala wa boti lina, dzina ndasunga, anangoti: "Aaa, Chilemba uja amangokwera ndege kukaluza kunjayu?" Anthu onse kuseka.

Ine sindinaseke, komanso yankho ndinalibe pompopompo. Zinandiwawa mumtima. Ndiye ndakhala masiku angapo ndikulondola mbiri yake kuyambira pachiyambi. Aise siginala, yankho lako ndi ili, ndipo ndaliika pagulu dala chifukwa unasekanso pagulu.

*Chiyambi chake*

Dzina lake lonse ndi Miguel Isaac Chilemba Zuze. Anabadwira ku Blantyre pa 17 May 1987. Mu ring'i amamutchula kuti Golden Boy. Ali mnyamata anapita ku South Africa, ndipo nkhonya zolipidwa anaziyambira komweko mu 2005, ali ndi zaka 18 zokha.

Njira imeneyi ife a ku Nkhata Bay timaidziwa kuposa aliyense. Pamudzi pano palibe banja lopanda munthu ku Joni. Agogo athu anayenda pansi, ena anapita pa Wenela, ife tikukwera mabasi. Clements Kadalie, mwana wa pa Chifira pompa, anatsika njira yomweyo mpaka kukayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ndiye mukamva kuti mwana wa ku Blantyre anakayambira moyo ku Johannesburg, mukudziwa kale tanthauzo lake: ndiwe mlendo, chilankhulo si chako, ukadwala palibe wokuphikira phala. Kusiyana kwake n'kwakuti anzake amakagwira ntchito m'magalaja ndi m'minda ya maluwa, iye ntchito yake inali kumenya ndi kumenyedwa.

Anayamba bwino, kupambana motsatizana. Mu 2007 anagonja koyamba kwa Willbeforce Shihepo wa ku Namibia, pa mapointi. Sanathawe. Anakumananso chaka chomwecho ndipo Chilemba anabweza chipongwe. Sungani dzina la Shihepo, tibwereranso kwa iye.

*Lamba wa IBO*

Mu 2010, chaka chomwe maso a dziko lonse anali ku South Africa chifukwa cha World Cup, Chilemba anamenyana ndi Michael Bolling wa ku Australia pa Emperors Palace ku Kempton Park. Anapambana pa mapointi, n'kutenga lamba wa IBO wa sikelo ya super middleweight, ya anthu osapitirira makilogalamu 76. Ife tinali kalikiliki ndi mavuvuzela, Mmalawi mnzathu akuvala lamba wa dziko lonse chapafupi pomwepo. Mu November chaka chomwecho anateteza lambayo kwa Thomas Oosthuizen, mnyamata wamtali wa konko amene anali asanagonjepo, ndipo anafanana mphamvu.

Apa ndinene chilungamo kuti wina asadzati ndimakometsera. Pa nkhonya pali mabungwe anayi akuluakulu: WBA, WBC, IBF ndi WBO. Malamba a amenewa ndiwo amawerengedwa kuti munthu wafika pamwamba penipeni. IBO ndi wachisanu, ulemu wake ndi wocheperapo. Zili ngati kusiyana kwa bwato lopalasa ndi boti la injini: onse ali panyanja, koma kofika n'kosiyana. Chilemba amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sanakhale pansi kumadyerera lamba ameneyu. Anawoloka nyanja yamchere kupita ku America.

Mu February 2011 ku Tulsa, m'chigawo cha Oklahoma, anakumana ndi Maxim Vlasov wa ku Russia, amene analinso asanagonjepo. Mu raundi 8 Chilemba anagwetsedwa kawiri. Kawiri, raundi imodzi! Anadzuka kawiri konseko, anamaliza, ndipo majaji anamupatsa chipambano chifukwa maraundi ambiri anali atatenga ndi iye. Mu February 2012 ku Las Vegas anagonjetsa Edison Miranda wa ku Colombia, munthu wodziwika ndi chibakera cholemera. Apa n'kuti akukhazikika mu sikelo ya light heavyweight, ya makilogalamu 79, kumene kunali zilombo zenizeni.

*Mmene amawerengera mapointi*

Ndiime kaye ndifotokoze ichi, chifukwa popanda ichi zotsatirazi simuzimvetsa. Nkhonya yolimbirana lamba imakhala ya maraundi 12, iliyonse mphindi 3, kupuma mphindi imodzi pakati. Ngati palibe wagwa osadzukanso, amagamula ndi majaji atatu okhala m'mbali mwa ring'i. Wopambana raundi amalandira 10, mnzake 9. Ukagwetsedwa nthawi zambiri umalandira 8. Pamapeto amaphatikiza.

Tsono Chilemba anali katswiri wozemba, wodziwa kuyenda mu ring'i, wobaya ndi dzanja lamanzere n'kuchokapo, wachibwano cholimba. Chimene analibe ndi chibakera chogonetsa munthu. Pofika pakati pa 2016 anali atapambana ka 24, koma mwa amenewo ndi 10 okha amene anawamaliza nthawi isanathe. Munthu wotere moyo wake uli m'manja mwa majaji. Ndipo ukakhala Mmalawi wopanda gulu la anthu ogula matikiti kumbuyo kwako, nkhonya zikuluzikulu sizibwera kwanu. Umapita ndiwe kwa eni ake, kumene chibakera cha mnzako chikangokhudza golovesi anthu masauzande amakuwa, chako chikalowa bwinobwino kuli zii. Majaji nawo ndi anthu, ali ndi makutu.

*Amuna asanu*

Woyamba: Tony Bellew. Pa 30 March 2013 Chilemba anapita ku Liverpool, kwawo kwenikweni kwa Bellew, mu Echo Arena. Pakona pake panali mphunzitsi Buddy McGirt, amene naye anakhalapo ndi malamba a dziko lonse. Atatha maraundi 12 jaji mmodzi anati wapambana Bellew, wina anati Chilemba, wachitatu anati afanana. Ganizirani, kufanana mphamvu ndi mwana wa pakhomo, pakhomo pawo. Anabwerezanso pa 25 May 2013 ku O2 Arena mu London, pasanathe ndi miyezi iwiri yomwe, ndipo ulendo uwu Bellew anapambana pa mapointi. Bellew ameneyu mu 2016 anatenga lamba wa WBC wa cruiserweight pa bwalo la Everton la Goodison Park. Amene munaonera filimu ya Creed mu vidiyo sho, mzungu amamenyana ndi Creed kumapeto uja ndi yemweyo.

Chilemba anabwerera m'mbuyo n'kuyambanso kukwera. Anagonjetsa Denis Grachev mu 2014, ndipo mu March 2015 ku Montreal anaphunzitsa nkhonya Vasily Lepikhin, wa ku Russia wina amene anali asanalaweko kugonja.

Wachiwiri: Eleider Alvarez, wobadwira ku Colombia koma wokhala ku Canada. Anakumana pa 28 November 2015 ku Quebec City, kwa eni akenso. Wopambana amayenera kukapikisana pa lamba wa WBC. Jaji mmodzi anaona kuti afanana, awiri anapatsa Alvarez. Khomo linatsekeka pamphuno.

Wachitatu: Sergey Kovalev. Apa ndiye khalani bwino. Mu 2016 munthu ameneyu amaopedwa dziko lonse. Amamutchula kuti Krusher, wophwanya. Anali ndi malamba atatu nthawi imodzi, WBA, IBF ndi WBO. Anali atapambana ka 29 osagonjapo, ndipo 26 mwa amenewo sanamve belu lomaliza. Pa 11 July 2016 Chilemba anakalowa naye mu ring'i ku Yekaterinburg, ku Russia, chigawo choyandikana ndi kwawo kwa Kovalev. Mu mzinda womwewo, mu December 2011, Roman Simakov anamenyana ndi Kovalev, anakomoka, ndipo anamwalira patatha masiku atatu. Sindikunena izi ponyoza Kovalev, ngozi ya masewero imeneyo. Ndikufuna mudziwe malo amene mwana wa ku Blantyre anavula malaya n'kukwera masitepe.

Anthu ambiri amayembekeza kuti zitha msanga. Sizinathe msanga. Chilemba amazemba, kubaya, kuchoka, Kovalev n'kumaphonya zibakera zomwe ena onse zimawapeza. Mu raundi 7 chibakera chinamupeza ndithu, anagwa. Anadzuka. Anamenya maraundi ena asanu ndi munthu amene amadziwa kumaliza wovulala. Belu la raundi 12 linalira Chilemba ali chiimire. Majaji analemba 116-111, 117-110 ndi 118-109, onse kwa Kovalev. Analuza, inde, palibe zokangana. Koma kufika tsiku limenelo munthu mmodzi yekha ndi amene anali atamalizapo maraundi 12 ndi Kovalev: Bernard Hopkins, mdala wa ku America amene dzina lake lili m'mabuku a mbiri ya nkhonya. Wachiwiri anali Mmalawi.

Wachinayi: Oleksandr Gvozdyk wa ku Ukraine, amene anapata mendulo pa Olympics ya ku London mu 2012. Anakumana pa 19 November 2016 ku T-Mobile Arena mu Las Vegas, usiku womwe Kovalev anamenyana ndi Andre Ward. Pakona pa Chilemba panali Roy Jones Jr mwiniwake. Chigongono cha dzanja lamanja chinavulala nkhonya ili mkati, ndipo itatha raundi 8 pakona pake anaimitsa. Aka kanali koyamba kuti asamalize nkhonya, patatha zaka 11 ali pantchito. Werengani masiku: kuchoka pa Kovalev kufika pa Gvozdyk ndi miyezi inayi yokha. Ine monga makaniko maganizo anga ndi akuti injini imene yalimbana ndi mwera usiku wonse sumaibwezera pamadzi usanaitsegule. Koma amene timadya za tsiku ndi tsiku tikudziwa: ntchito ikabwera sumaiuza kuti idikire. Gvozdyk ameneyu mu December 2018 anatenga lamba wa WBC kwa Adonis Stevenson.

Chilemba anakhala kunja kwa ring'i chaka chathunthu ndi miyezi ina. Ambiri anati zake zatha. Mu March 2018 anatulukira ku Australia, n'kugonjetsa Blake Caparello pamaso pa anthu a kwawo, maraundi 12. Chipambano chimenechi n'chimene chinamutsegulira mwayi womaliza.

Wachisanu: Dmitry Bivol. Pa 4 August 2018 ku Atlantic City, lamba wa WBA ali patebulo. Bivol anali wachinyamata, wachangu, wosaphonyaphonya. Anapambana moonekeratu: majaji awiri 120-108, mmodzi 116-112. Koma kumugwetsa Chilemba osadzukanso kunakanika, maraundi 12 anakwana. Usiku womwewo, mu ring'i yomweyo, Eleider Alvarez uja anavutika ndi Chilemba ku Quebec anagwetsa Kovalev mu raundi 7 n'kumulanda lamba wa WBO. Ndipo Bivol ndi yemwe uja mu May 2022 anagonjetsa Canelo Alvarez, amene nonse mumamudziwa, kenako mu February 2025 ku Riyadh anagonjetsa Artur Beterbiev n'kusonkhanitsa malamba onse anayi.

Tsopano aise siginala, tiye tiwerenge limodzi. Kuchoka pa Shihepo mu 2007 kufika kumapeto kwa 2018, zaka 11, anthu amene anagonjetsa Chilemba ndi asanu okha: Bellew, Alvarez, Kovalev, Gvozdyk, Bivol. Asanu onsewo anali kale kapena anadzakhala eni malamba a mabungwe akuluakulu aja. Palibe ndi mmodzi yemwe wamba. Anayi mwa iwo anapita naye mpaka belu lomaliza, wachisanuyo anathandizidwa ndi chigongono. Ndipo palibe nkhonya ndi imodzi yomwe mwa zimenezi imene anamenyera pamaso pa anthu a kwawo.

*Kumapeto kowawa*

Sindibisa mbali inayi. Itatha 2018 zinthu zinayamba kutsika. Mu 2019 anabwerezana ndi Vlasov ku Russia, ulendo uno anagonja. Mu February 2021 anafanana mphamvu ndi Fedor Chudinov ku Russia, kwa eni akenso. Kenako anagonja kwa Pavel Silyagin chaka chomwecho, ndi kwa Osleys Iglesias wa ku Cuba mu 2022.

Pa nkhonya pali ntchito ina imene siilembedwa pa chikwangwani. Munthu akakhala ndi dzina, wolimba, wodziwa masewero, koma wopanda chibakera choopsa, okonza nkhonya amamukonda pa chifukwa china. Amamuitana kuti adzayese mnyamata wawo amene akumukweza. Mnyamatayo aphunzirapo zambiri, dzina la mkuluyo lilowa pa mbiri yake, ndipo chiopsezo choti agonekedwa n'chochepa. Amasanduka mwala wonolera mpeni. Mpeni umatuluka wakuthwa, anthu n'kumayamikira mpeniwo, mwala ukutha pang'onopang'ono. Mmene ndikuonera ine, zaka zomalizazi Chilemba anagwira ntchito imeneyo. Amene anayamba kumuonera nthawi imeneyi ndi amene amanena kuti amangokwera ndege kukaluza. Anafika mochedwa, anapeza nsima itazizira, n'kumanena kuti wophika sadziwa kuphika.

Kodi akanakhala ndi chibakera cholemera akanavala lamba wa WBC kapena WBA? Mwina. Kodi nkhonya ya ku Liverpool ija ikanachitikira pa Kamuzu Stadium, jaji wachitatu uja akanaona chimodzimodzi? Aliyense ayankhe yekha. Chimene chinalembedwa n'chakuti lamba wamkulu anamuyesa kawiri, kwa Kovalev ndi kwa Bivol, ndipo kawiri konse sanamutenge. Mbiri siisintha chifukwa choti timamukonda munthu.

*Chifukwa chake zinandiwawa*

Kuseka kwa Loweruka kuja ndinakuzindikira. Ndi kuseka komwe timaseka mnzathu akabwera kuchokera ku Joni ndi chikwama chimodzi. Timayang'ana ngati wabwera ndi galimoto, ngati wagula injini ya 40, ngati wakhoma malata. Zikasowa timati walephera, anakangomwera. Palibe amafunsa kuti anakumana ndi zotani: mapepala atatha, bwana wosalipira, chipinda chimodzi anthu asanu ndi mmodzi, usiku wothawa zipolowe zothamangitsa alendo ngati za 2008 ndi 2015, ndalama zonse akutumiza kuno za fizi ndi za maliro. Ena mwa anthu amenewa anamenya maraundi 12 ndi Kovalev wawo, anagwa mu raundi 7, anadzuka, afika kuno ali chiimire. Ife tili pansi pa mtengo n'kumawawerengera mapointi.

Bambo anga akhala panyanja moyo wawo wonse. Ndawaonapo kambirimbiri akubwera m'mawa, maso ali psuu, mafuta atha, usipa osakwana ndi beseni limodzi. Palibe munthu wanzeru amene anawauzapo kuti si msodzi. Aliyense amayamba wafunsa kuti kunja kunali bwanji, mphepo inali yotani, mwezi unali pati. Iwenso siginala, masiku amene nyali zako zayaka usiku wonse chilimira n'kutuluka chopanda kanthu, timakufunsa za nyanja, sitikuseka. Chilemba naye mufunseni za nyanja imene analowa.

China chimene chikundisowetsa tulo ndi ana awiri aja amagwetsana pamchenga. Kuno kuli anyamata amphamvu zoopsa, mapewa opangidwa ndi nkhafi ndi kukoka chilimira, mpweya wa anthu osambira kuyambira ali ndi zaka zisanu. Koma chibadwire ine sindinaonepo pano malo ophunzirira nkhonya okhala ndi mphunzitsi weniweni. Mphamvu zimenezi zimathera pa ndewu za kumowa, wina n'kutsala ndi chilema, wina n'kukagona m'chitolokosi. Chilemba nkhonya zinamutengera ku Liverpool, Montreal, Las Vegas ndi Moscow chifukwa anapeza anthu omuphunzitsa kuti mphamvu ziziyenda ndi malamulo, sikelo, nthawi yogona ndi nthawi yothamanga. Kuti apeze zonsezo mokwanira anachita kuchoka m'dziko muno. Inu akuluakulu amene muli m'gulu lino, amene muli ndi maboti awiri atatu, thumba lomenya ndi magolovesi mapeyala anayi sizingafike mtengo wa injini imodzi. Ndangodutsamo.

Siginala, injini ya bwana wako ija ndamaliza, linali vuto la mapulagi basi. Ukabwera kudzatenga ubwere ndi dzina la Mmalawi wina amene anaima maraundi 12 ndi Kovalev komanso ndi Bivol. Ukalipeza sindikulipiritsa. Ukapanda kulipeza, ukapepese pansi pa mtengo pomwe paja, anthu onse alipo.

Amene muli ku Joni mukadzamuona Golden Boy, mumuuze kuti ku Chintheche kuli makaniko wina amene anawerenga mbiri yake yonse n'kuvula chipewa.

Tumizani kwa ena, makamaka aja amaseka msanga.